Kodi Ndere Nazo N'zofufuza, Anthu Akugona ndi Njala?

Mu July 2020 asodzi a ku Mchinji anayamba kuvuula milamba ndi matemba a zilonda. Zilonda zake zinali zofiira, zonyeka, zina zakuya mpaka kuonetsa minga nsomba idakali moyo. Boma linaletsa kupha, kunyamula ndi kugulitsa nsomba za m'mitsinje ya Bua ndi Rusa, koma matendawo anatsika ndi madzi, nafika ku Kasungu, Dowa, Ntchisi mpaka ku Nkhotakota. Dera la Mfumu Yaikulu Kapelula, kum'mawa kwa Kasungu, kumene Bua amadutsa asanalowe m'nkhalango ya Nkhotakota, linali pa njira yake. Ku malo a fodya ngati amenewa nsomba ya mumtsinje ndiyo ndiwo ya tenanti amene akudikira kuti bwana agulitse mabelo ku Chinkhoma, ndiponso ndiyo ndalama ya sopo ya mayi wogulitsa matemba pa msika.

Chimene chinkadya nsombazo dzina lake ndi Aphanomyces invadans. Chimamera ngati chuku, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankaika mtundu wake m'gulu la bowa. Atafufuza mozama anapeza kuti abale ake enieni ndi ndere: tindere tosaoneka ndi maso toyandama m'nyanja yathu, komanso ndere zikuluzikulu zofiirira za m'nyanja zamchere. Matendawa anaonekera koyamba ku Japan mu 1971, anafika mu Chobe ndi Zambezi mu 2006, ndipo panapita zaka 14 asanatipeze. Amakonda nyengo yozizira. Mankhwala ochiritsa nsomba za mumtsinje palibe.

Nkhani imeneyi ikukhudza funso limene limabuka nthawi zonse wophunzira wa ku Bunda kapena ku Mzuzu akanena kuti akufuna kuthera zaka zake akuyang'ana ndere ndi tizamoyo ta m'madzi pa maikulosikopu. Dziko limene limapempha chimanga mvula ikangovuta, limene zipatala zake zimasowa mankhwala, lipeze ndalama zolipira munthu woti aziwerenga ndere? Amene amakana si mbuli monga ena amaganizira, ndipo ayenera kumvedwa poyamba.

Mfundo yawo yoyamba ndi ya m'thumba. Mlimi wa fodya amadziwa kuti kafukufuku ali ndi mtengo chifukwa amamulipira yekha. Akagulitsa ku okushoni amadulidwa ndalama yopita ku ARET, bungwe lofufuza za fodya limene linakhazikitsidwa mu 1995, lomwenso ndi mwini wa koleji ya ulimi ya Mwimba konkuno ku Kasungu. Amang'ung'udza nayo ndalamayo, komabe amaona kumene ikupita: mbewu yopirira matenda, malangizo a nazale, mlangizi. Ku Chitedze kunatuluka mtedza wa CG7 umene unadzaza minda ya chigawo chapakati. Ku Blantyre, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Dr Mark Manary ndi anzake anaonetsa kuti mwana wonyentchera atha kuchira ali kunyumba pomudyetsa chiponde, osagonekedwa m'chipatala. Ameneyu ndiye kafukufuku wofika m'kamwa, amatero otsutsawo. Ndalama ikakhala yochepa ipite kumeneko, ndere zidikire tiyambe takhuta.

Mfundo yachiwiri ndi yowawa, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yovuta kuiyankha. Mu 2005 akatswiri a m'mayunivesite a ku America, ena mwa iwo Christopher Scholz, Thomas Johnson ndi Andrew Cohen, anamangirira makina pa sitima ya Viphya n'kuboola pansi pa nyanja ya Malawi. Pa malo ena madzi anali akuya pafupifupi mamita 600, ndipo anatulutsa matope otalika mamita 380. M'matopemo munali tizikamba ta ndere zotchedwa madayatomu. Ndere zimenezi zimadzimangira kachikamba kosaola kuchokera ku zinthu zomwe amapangira galasi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi madzi amene umakonda: wina akuya, wina osaya, wina amchere. Powerenga tizikambato kuyambira pamwamba kutsika nato pansi, pamodzi ndi maumboni ena, anaona kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa chilala choopsa kangapo, moti nyanja inaphwa n'kutsala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 20 a madzi ake. Ntchito yaikulu, palibe angakane. Koma matopewo akusungidwa ku Minneapolis, ku America, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007 m'magazini a Chingerezi owerengedwa ndi akatswiri okhaokha. Msodzi wa ku Nkhotakota anapindulapo chiyani? Mphunzitsi wa sayansi wa kwa Kapelula anamvako n'komwe kuti nyanja ya m'dziko lake inatsala pang'ono kuuma?

Pali mfundo yachitatu imene sinenedwa pa misonkhano koma imamveka pa bawo ndi m'zigafa. Kafukufuku wa madzi akatha, chala chimaloza mlimi wa kumtunda: wadula mitengo ya zigafa ndi yowotchera fodya, walima mpaka m'gombe la mtsinje, wathira feteleza. Anthu a ku Kasungu ali ndi chifukwa chokayikira akatswiri obwera ndi mabotolo. Mu 1922 boma la atsamunda, pofuna kuthana ndi matenda a kaodzera, linasamutsa midzi ya kumadzulo kwa bomali, ndipo malo amene anthuwo anasiya ndi amene lero ali Kasungu National Park. Munthu amene agogo ake anachotsedwa pa nthaka yawo chifukwa cha kachilombo kosaoneka ndi maso simungamuuze kuti maikulosikopu ndi chida chopanda mlandu.

Ovomereza amayamba n'kunena kuti anzawowo akuona ndere za pa chitsime zokha, pamene banja la tizamoyo timeneti linalowa kale m'thumba la mlimi. Mbande za fodya zikamaola m'tsinde n'kugwa pa nazale yothiriridwa mopitirira, kawirikawiri wolakwa amakhala Pythium, mbale wake wa chija chinadya nsomba za mu Bua. Chiwawu chimene chimapsereza tomato wa m'dimba ndi mbatata ya kachewere ku Dedza ndi ku Ntcheu n'cha banja lomwelo. Ku Ireland, kuyambira 1845, chinaononga mbatata mpaka anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa. Mankhwala ena opha bowa sachita kanthu pa tizilombo timeneti pakuti si bowa, choncho mlimi amene wagula botolo lolakwika kwa wogulitsa wosadziwa kusiyanako wangotaya ndalama yake.

Tizilombo ta malungo ndi ta kaodzera nato tili m'gulu lalikulu la tizamoyo ta selo imodzi timene si nyama, si zomera, si bowa, si mabakiteriya. Kaodzera, wofalitsidwa ndi kashembe, akadalipo m'midzi yozungulira nkhalango za Kasungu, Nkhotakota ndi Vwaza. Kwa zaka zoposa 70 wodwala amene matenda amufika ku ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala oopsa amene ankapha pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 aliwonse. Mapiritsi a fexinidazole, omwa masiku 10, anayesedwa pa chipatala cha Rumphi ndi ku Uganda, ndipo mu December 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza.

Apa otsutsa amadumpha msanga. Zimenezo ndi za chipatala ndi za ulimi, palibe akuzikana. Ife tikunena ndere. Ovomereza amayankha ndi nkhani ya Geoff McFadden, katswiri wa ku Australia wofufuza ndere, amene mu 1996 pamodzi ndi anzake anaonetsa kuti m'thupi la tizilombo ta banja la malungo muli kachiwalo kotsalira kuchokera ku ndere. Makolo a kachilombo ka malungo ankadzipangira chakudya ndi dzuwa. Kachiwaloko munthu alibe, ndiye mankhwala atha kukamenya osavulaza wodwala, ndipo doxycycline amene apaulendo amamwa popewa malungo amagwira pomwepo. Palibe akanalemba popempha ndalama kuti akufufuza ndere pofuna kupeza pofooka pa malungo. Zinatulukira panjira.

Nkhaniyi ndi yokoma, koma ine sindiona kuti ikuthetsa mkangano wathu. Ikungoonetsa kuti penapake pa dziko payenera kukhala anthu ofufuza ndere, ndipo wotsutsa atha kuvomera zimenezo mosavuta: achite a ku Australia, ife tiziwerenga. Mfundo imene ingamugonjetse ndi ya zinthu zimene munthu wa ku Australia sadzatichitira.

Usipa umene amalonda amakwera nawo kuchokera ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa umadya tinyama ta m'madzi, ndipo tinyamato timadya ndere. Chambo amasefa ndere yekha. Mbuna za ku Cape Maclear, zimene zinachititsa kuti UNESCO ilembe Lake Malawi National Park m'kaundula wake mu 1984, zambiri zimapala ndere pa miyala. Mwera ukamaomba kuyambira May mpaka September umavundula madzi a pansi kummwera kwa nyanja, michere imakwera, madayatomu amaswana, ndipo chilichonse cha m'madzimo chimapeza chakudya. N'chifukwa chake kummwera ndiko kuli nsomba zochuluka. Koma michere yochokera kumtunda ikapitirira muyeso zimene zimapambana ndi ndere za mtundu wina, zija zimayandama pamwamba pa madzi nthawi yotentha, zimene akatswiri amaziika m'gulu la mabakiteriya. Tinyama tija sititha kuzidya bwino, zina zimatulutsa poizoni, ndipo zikafa n'kumira zimamaliza mpweya wa pansi pamene zikuola.

Zimenezi zinachitika kale ku nyanja ya Victoria, ndipo mmene zinadziwikira ndiye phunziro lake. Mu 1960 ndi 1961 katswiri wina wa ku Britain, Jack Talling, ankapita pa nyanjayo mwezi ndi mwezi kukatunga madzi ndi kuwerenga ndere. Pa nthawiyo ntchitoyo inkaoneka yopanda phindu lililonse kwa msodzi wa pa nyanjayo. Patapita zaka 30 Robert Hecky anabwereza miyeso yomweyo napeza kuti ndere zachuluka kuwirikiza kangapo, madayatomu akale achepa, ndipo madzi a pansi akusowa mpweya. Pa nthawiyo mitundu yambiri ya nsomba zazing'ono inali itatha, ndipo aliyense ankaloza Nile perch, chinsomba cholusa chimene anachiika m'nyanjamo m'zaka za m'ma 1950. Pakanapanda manambala a Talling, palibe akanatsimikiza kuti madzi enieniwo nawo anali atasintha. Ndalama sizingagule muyeso wa chaka chimene chinadutsa popanda woyesa.

Kwathu kuno miyeso yotere ilipo, koma ya apa ndi apo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ntchito ya SADC yokhala ku Senga Bay, mmene munali Hecky yemweyo ndi Harvey Bootsma, inayesa mitsinje yothira m'nyanja. Anapeza kuti mitsinje yodutsa m'minda yothithikana, monga Linthipe, imanyamula matope ndi michere kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi yodutsa m'nkhalango. Mu 2011 Megan Otu ndi anzake anasindikiza zimene anawerenga m'matope a zaka 200 zapitazi: kummwera kwa nyanja matope akuunjikana mofulumira kuposa kale ndipo mitundu ya madayatomu yasintha, pamene kumpoto kusinthako n'kochepa. Nyanja yathu ndi yakuya, pafupifupi mamita 700, choncho imachedwa kuonetsa kudwala. Imachedwanso kuchira. Madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi, Shire amangotulutsa gawo laling'ono, ndiye zimene zalowamo zimakhalitsa zaka zambirimbiri.

Nanga chala chija choloza mlimi? Apa kafukufukuyo anamuchotsera mlandu wina n'kumusiyira wina. Michere yambiri yofika ku nyanja imabwera itakakamira ku dothi lokokoloka, ndipo ina imagwa kuchokera mumlengalenga ndi utsi ndi phulusa la moto wa m'tchire. Thumba la feteleza limene mlimi wa kwa Kapelula amaligawa ndi kachitsekerero ka botolo kuti likwanire munda wonse si ndilo gwero lalikulu. Gwero ndi nthaka yake yeniyeniyo. Kafukufuku wa FAO anapeza kuti mu 2014 hekitala imodzi m'Malawi inkataya matani 29 a dothi pa chaka, pafupifupi lole yaikulu yodzaza. Chimene chikudyetsa ndere zoipa ku nyanja ndi chonde chimene chachoka pa mzere wa fodya, chimene mlimiyo adzachigulenso ku sitolo pa mtengo wokwera. Akalozera, vetiva, kusiya mitengo m'mbali mwa Bua, zonsezi phindu lake limayamba kwa mwini munda, kenako mpasa zimene zimakwera mu Bua kukaswana pa timiyala topanda matope, usipa pambuyo. Komabe mantha a otsutsa sindikuwanyoza. Zotsatira zomwezo zikagwera m'manja mwa mkulu wa ofesi waulesi zitha kusanduka lamulo lothamangitsa anthu m'madimba popanda kuwapatsa kolowera.

Palinso madzi oima, amene ali pafupi kwambiri ndi munthu wa kumtunda kuposa nyanja. Mlimi wa nsomba amathira manyowa m'dziwe kuti madzi abiriwire, pakuti kubiriwirako ndi ndere zimene makumba amadya. Mlangizi amamuuza kuti aviike mkono mpaka m'chigongono: chikhatho chikamaoneka bwinobwino ndere zachepa, chikasowa msanga zachuluka. Njira yabwino ndithu, koma mkono susiyanitsa ndere zodyetsa nsomba ndi zakupha. Mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa ku Okavango, ndipo mu September chaka chomwecho boma la Botswana linalengeza kuti chinazipha ndi poizoni wa ndere za m'zithaphwi. Ku Kasungu, kumene mu 2022 anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde, nyama zimamwa pa damu la Lifupa, anthu a pa boma amamwa madzi a damu la Chitete, ndipo mu October ng'ombe za m'midzi zimamwa m'madamu a m'maesiteti amene atsala ndi madzi ofunda a m'mawondo. Ng'ombe ikafa mwadzidzidzi pa malo otero timaganiza za njoka, za mankhwala a fodya, kapena za mnansi wa kaduka. Ndere sitiziwerengera, chifukwa woti atunge madziwo n'kuwayang'ana palibe pafupi.

Ovomereza nawo ali ndi pamene amapitirira. Ena akangomva za ndere amathamangira ku spirulina, ndere za zomanga thupi zambiri zimene amayi a mtundu wa Kanembu akhala akukolola m'zithaphwi za m'mbali mwa nyanja ya Chad kuyambira kalekale, kapena ku Zanzibar kumene kuyambira 1989 amayi amalima ndere m'nyanja yamchere n'kumagulitsa kunja. Amati ichi ndicho chidzalowe m'malo mwa fodya. Chikomekome cha nkhuyu. Nyanja yamchere ife tilibe. Spirulina imafuna madzi a mchere wake wapadera umene uyenera kugulidwa, ukhondo wosalekeza, ndi labotale yotsimikiza kuti simunalowe ndere za poizoni. Kwa Kapelula soya ndi mtedza zimamera kale, ana amazidya osakakamizidwa, ndipo msika wake ulipo. Amene akufuna kuteteza kafukufuku wa ndere polonjeza chuma amangopereka chida kwa otsutsa, chifukwa chumacho chikapanda kubwera ntchito yonse imaoneka yabodza.

Tsono ndikaika mbali ziwirizi pa sikelo, ndikuona kuti otsutsa akulondola pa nkhani ya Viphya ndipo akuphonya pa nkhani ya thumba. Akulondola kuti nzeru yotengedwa m'madzi athu n'kukatsekeredwa m'Chingerezi cha akatswiri sinatipindulire mokwanira. Koma ndalama zobowolera nyanja zinachokera kunja, sizinalande mwana aliyense chiponde, ndipo palibe akupempha kuti Malawi agule makina otero. Chimene chikusowa n'chotsika mtengo: munthu wotunga madzi pa malo amodzimodzi a Bua mwezi uliwonse, mbale yoyera yomangidwa pa chingwe yoyesera kuyera kwa madzi, kachipangizo koyesera kutentha ndi asidi, maikulosikopu wamba, ndi buku losatayika boma likasintha. Matenda a zilonda aja amabuka madzi akazizira ndiponso asidi akachuluka. Dziko limene linali ndi zaka 14 zokonzekera likanatha kudziwiratu madambo oyenera kuwayang'anira, likanaphunzitsa asodzi kuyanika ndi kutsuka maukonde asanawasamutsire ku mtsinje wina, likanauza eni maiwe za laimu ndi mchere nsomba zisanayambe kuyandama.

Funso lotsala ndi la wolipira, ndipo pamenepa ndikukana kuti akhalenso mlimi wa fodya. Wadulidwa zokwanira. Lamulo la za madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, imene imatolera ndalama kwa otunga madzi ochuluka: minda ya nzimbe, mabungwe ogawa madzi m'matauni, opanga magetsi pa Shire. Onsewa amaluza madzi akadzaza matope ndi zomera, ndiye kachigawo ka ndalamazo kupita ku miyeso ya mitsinje si chifundo ayi. Ophunzira a ku Mwimba ndi ku Bunda atha kutunga ndi kuwerenga ngati gawo la maphunziro awo. Ndipo National Commission for Science and Technology, imene imayang'anira kafukufuku m'dziko muno, itha kuika lamulo loti wakunja aliyense wotenga madzi kapena matope asiye gawo lake m'labotale ya kuno, ndiponso kuti asanatseke ntchito yake zotsatira zifotokozedwe m'Chichewa pa bwalo la mfumu ya dera limene anatungako ndi pa wailesi ya m'bomalo.